Pampu ya pa Mwami

Pampu ija ndinaiona ndi maso angawa, yofiira, yatsopano, mapaipi ake atakulungidwa ngati mkeka. Inali mumpanda wina wa malole tsidya la Malawi, pafupi ndi boda ya Mwami, moti utaima pa geti ukanatha kuiponyera mwala. Inakhala pamenepo kuyambira nthawi yokolola mpaka mvula itagwa, nkhuku za mlonda zikuikira mazira pansi pake. Ndikaikumbuka mtima umanditentha mpaka lero, ndipo sindibisa.

Ine ndine Dainess Shawa, ndimagulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Kapata. Kwathu ndi kufupi ndi Tamanda, kumene atate, a Gerson Shawa, anaphunzitsa sukulu mpaka kupuma. Ndi mkulu wa mpingo, munthu wosavula jekete ngakhale dzuwa la Okutobala litalusa. Mlongo wanga Enoch, wobadwa pambuyo panga, ndiye anapeza golide paphiri la kuseri kwa munda wathu. Sanali woyamba. Mbali inayo anthu anali atayamba kale kukumba, aliyense dzenje lake, popanda ndi kapepala komwe. Enoch yekha, mwana wa aphunzitsi, anati iye akumba mwalamulo.

Inali nthawi imene wailesi inkangoti malamulo atsopano a migodi, malamulo atsopano a migodi. Akuti okumba ang'onoang'ono alembetse, apange kopaletivu, apeze anzawo a chuma oti agwire nawo ntchito, ndipo boma liwagwira dzanja. Enoch anameza zonsezo ndi nyambo yomwe. Anasonkhanitsa anyamata a m'mudzi, analembetsa kopaletivu, anakwera basi ya ku Lusaka kukapempha laisensi. Anapita ku wekishopu ina mu tauni, nabwerako ndi chipewa cholimba chachikasu ndi sikipa yolembedwa mawu kumsana. Ndinamuseka kuti wabwera ndi yunifolomu koma ntchito waisiya komweko.

Mnzake wa chuma anamupezadi. Anali a Benson, bambo wa ku Mchinji amene ali ndi zigayo, munthu wosalankhulalankhula. Anatsika m'dzenje la Enoch, anagwira khoma, anaona madzi akuchucha pansi, n'kunena kuti vuto la mgodi uno si golide koma madzi. Kukumba kunali kutafika pamene nthaka imatuluka thukuta ngakhale m'chilimwe. Iwo analonjeza pampu choyamba, kenako mizati yochirikiza makoma a dzenje ndi makina ophwanyira miyala zinthu zikayenda. Sanali a bodza, pampu anaigula n'kufika nayo pa boda.

Tsiku lokaitenga ndinatseka benchi yanga ya pamsika n'kupita nawo. Ejenti wotulutsa katundu, mayi wina wotopa ndi dzuwa, anayang'ana mapepala n'kupukusa mutu.

"Apa mwalemba kuti ndi ya mumgodi," anatero. "Chilichonse cha mumgodi tsopano chimafuna nambala ya laisensi yatsopano. Akuti n'kuletsa okumba mozemba."

"Laisensi ndinapempha kalekale," anayankha Enoch. "Ku Lusaka akuti aimitsa kaye kupereka, akukonza makompyuta kuti zigwirizane ndi malamulo atsopano."

"Ndiye mudikire akonze."

A Benson anati alipira msonkho wonse, ngakhale umene wailesi inkati wachotsedwa. Mayiyo anati si nkhani ya msonkho, ndi nkhani ya nambala. Tili chiimire pomwepo, kalole kena kanadutsa katanyamula mapampu atatu ofiira, ofanana ndendende ndi yathu. Ndinafunsa kuti nanga awo. Ejenti uja anati awo ndi othirira tomato kudimba, safuna nambala iliyonse. Kenako anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali, n'kubwereza pang'onopang'ono kuti a tomato safuna nambala iliyonse. Mayi uja anatithandiza mmene akanathera, Mulungu amudalitse.

Madzulo ake tinakhala pakhonde kwa atate, ine n'kuitula nkhani mmene inalili.

"Atate, dimba tili nalo. Tingolemba kuti ndi ya tomato, mawa lomwe ili pano."

"Ndi ya tomato?" anafunsa atate.

"Ikafika tidzathirirako mzere umodzi kuti mtima wanu ukhale pansi."

"Dainess, ine ndakwapula ana a eni chifukwa cha bodza. Lero ndisaine bodza ndi dzanja lomwelo?"

Malo anali a atate, ndipo anyamata anawasankha kukhala wapampando wa kopaletivu chifukwa cha ulemu wawo. Popanda dzanja lawo palibe chimene chikanayenda. Ndinayesa khomo lina. Ndinati chabwino, tisalembe kanthu. Mudzi wathu ndi Malawi timasiyana ndi kamtsinje kamene ana amawoloka popita kukasewera mpira. A Benson aizungulitse pa galimoto mpaka tsidya lija, ife tikaitenge pa ngolo. Feteleza amadutsa pamenepo, shuga amadutsa, ngakhale maliro amadutsa. Anzathu a mbali ina ya phiri mapampu awo analowera pomwepo, ndipo tinkawamva akulira tsiku lonse.

"Ife si anthu a njira za kutchire," anatero atate. "Boma lanena kuti likukonza. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nanga zengerezu analinda chiyani, atate?"

Enoch anandigwira mkono, nati, "Asisi, musawavute. Akadzabwera kudzathamangitsa okumba mozemba, ife tokha ndife tidzatsale paphiri pano. Mudzandithokoza." Ankakhulupiriradi zimenezo, mwana wa mayi anga, ndipo ndikakumbuka nkhope yake ndimafuna kuswa china chake.

Mwina mukuti bwanji sanangoleka kukumba mpaka laisensi itatuluka. Nanenso ndinanena zomwezo. Koma m'malamulo atsopano omwewo munali mawu ena, amene Enoch anawamva ku wekishopu ija: malo opemphedwa akapezeka atangokhala osagwiridwa ntchito, adzaperekedwa kwa ena. Akuti n'kuletsa anthu ogona pa malo. Ndiye taonani nzeru za anthu ophunzira. Usakumbe, akulanda. Ukumbe, madzi akudzaza. Ufune pampu, akuti nambala. Ufune nambala, akuti kompyuta. Ndipo aliyense amene unkamufunsa ankakuyankha mwaulemu, akumwetulira, n'kukuuza kuti ubwerenso. Magalimoto oyera a makampani akuluakulu tinkawaona akuzungulira phiri, anthu ake akujambula ndi mafoni, ndiye Enoch sakanayerekeza kusiya dzenje likhale chete.

Anayamba kukapa madzi ndi ndowa. Mmodzi pansi akudzaza, awiri pamwamba akukoka chingwe, m'mawa wonse, kuti masana apeze pouma pokumba. Mitambo itayamba kusonkhana, a Benson anandiimbira foni ine, osati Enoch. Anati, "Mayi, uzani akuluwo kuti khoma lonyowa silidikira Lusaka. Ine mizati sindingatumize pamalo opanda pepala, anzanga a bizinesi andikaniza. Koma pampu ndi yanga, mungonena tsiku." Ndinakwera njinga yamoto mpaka kumudzi kukanenanso. Ndinalankhula mokweza kwa bambo anga ondibereka, zimene sindinachitepo chibadwire. Anandiuza kuti tauni yandiwononga, ndipo kuti amva kuti malaisensi atuluka mwezi wamawa. Mwezi wamawa umenewo ndinali nditaumva kuyambira tikukolola chimanga.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu, yachiwiri inagwa masiku otsatizana. Tsiku limenelo kunacha kowala bwino. Ndinali ndikuyala malaya pa benchi pamene foni inalira. Anali Jesca, mkazi wa Enoch, ndipo mawu ake sanali kumveka. Chimene ndinagwira ndi chakuti khoma lagumuka, Enoch ali pansi.

Ndinafika dzuwa lisanafike pamutu. Anyamata anandiuza kuti Enoch anali m'kanjira ka m'mbali kamene ankatsata golide, dothi n'kutseka pakhomo pake. Sanaphwanyidwe. Ankamumva akugogoda ndi nyundo pamwala. Koma madzi a m'dzenje lalikulu anali kukwera, ndipo kuti afukule pakhomopo anayenera kuyamba achotsa madziwo. Mudzi wonse unali pamzere, ndowa, zidebe, miphika, mabeseni osambira. Ukachotsa ndowa imodzi, nthaka inkabweza ziwiri. Tinathamangira kwa a mbali ina ya phiri kukabwereka pampu, tinapeza athawa ndi mapampu awo kutchire chifukwa anamva kuti pakachitika ngozi apolisi abwera.

Atate anali ataima m'mphepete mwa dzenje, jekete ili pathupi, akumvetsera kugogoda kuja. Ndinaimba foni pamaso pawo.

"A Benson, bweretsani pa kamtsinje."

Nditatembenuka, atate panalibe. Ndinawaona kumunsi akumanga okha ng'ombe pa goli, jekete ataiponya pa chitsa. Munthu wa zaka zawo, amene amadandaula mawondo pokwera masitepe a tchalitchi, anaimirira pa ngolo n'kukwapula ng'ombe zija ngati mnyamata. Ndinathamanga n'kudumphira kumbuyo. Tinapeza a Benson atafika kale tsidya lija, amuna anayi anainyamula pampu ija kuwoloka madzi ofika m'mawondo, n'kuiika pa ngolo. Palibe anatifunsa kanthu. Mayi wina wochapa anangotiyang'ana n'kupitiriza kuchapa. Ulendo umene tinaudikira nyengo yathunthu unatha dzuwa litangopendeka.

Pampu inalira kamodzi kokha n'kugwira. Madzi anatuluka m'paipi ngati mwendo wa munthu kukula kwake, ndipo dzenje limene linagonjetsa mudzi wonse linauma nthawi yosakwana yophikira nyemba. Inali pampu yabwino kwambiri. Koma kugogoda kunali kutaleka ife tikadali m'njira. Anamutulutsa dzuwa likulowa, chipewa chachikasu chija chili kumutu.

Pa maliro panabwera galimoto yoyera. Munatuluka bwana wina wa tayi, amene ananena kuti watumidwa ndi komiti yoona za malamulo atsopano aja. Anapatsidwa mpata wolankhula chifukwa kwathu mlendo sitimubweza. Anati pepani kwambiri. Anati ngozi ngati iyi ikuonetsa kuipa kokumba mozemba, ndipo n'chifukwa chake akulimbikitsa anthu kulembetsa. Abale inu, phiri lonse lija munthu mmodzi yekha ndiye analembetsa, ndipo anali m'bokosi patsogolo pake. Ndinadzuka. Azimayi a chigwirizano cha kutchalitchi anandikokera pansi ndi chitenje, wina n'kunditseka pakamwa ndi dzanja. Pepani sapoletsa chilonda, koma pepani wa bodza amachitosa.

Titabwera ku manda, bwana uja anaima pansi pa mtengo wa mango pamene tinaika pampu. Matope anali akadali m'mapaipi. Anaizungulira, anawerama, anawerenga kachitsulo ka pambali pake.

"Iyi ndi ya mumgodi," anatero. "Inalowa bwanji m'dziko muno?"

Wina kumbuyo ananong'ona kuti ndi ya tomato, ena n'kuvomereza msanga kuti eya, ya tomato, ya kudimba kwa aphunzitsi. Mudzi wonse unali wokonzeka kunama m'malo mwawo. Ine ndinayang'ana atate. Ndinali nditasunga mawu anga kuyambira pa ngolo paja, mawu oti ndinakuuzani, ndipo ndinkafuna kuti awamve pamaso pa anthu.

Atate anadzuka pampando pang'onopang'ono. Jekete sanaivalenso chichokere pa chitsa chija.

"Si ya tomato," anatero. "Ndinaizembetsa ine, Gerson Shawa, pa ngolo yanga, kudzera pa kamtsinje. Lembani dzina bwinobwino. Ndipo mukakafika kwa amene anakutumani, mukawauze kuti ndinawadikira. Mwana wanga wamkazi uyu anandiuza nthawi yokolola kuti ndichite zimenezi, ine ndinasankha kumvera inu."

Bwana uja anayang'ana nsapato zake, nati nkhaniyi aiona ku ofesi. Anakwera galimoto yake osadya.

Mawu anga aja sindinawanene, atate anali atawanena okha. Koma musaganize kuti ukali unatha. Uli pomwepo, ndimagona nawo, ndimadzuka nawo, ndimapita nawo ku Kapata. A Benson anakana kutenga pampu yawo, anati isiyidwe kwa Jesca ndi ana. Madzulo ena ndinapita kumudzi ndipo ndinaimva ikulira kumunsi. Ndinapeza atate kudimba, atapinda thalauzi, atagwira paipi ndi manja awiri, akuthirira tomato wa mkazi wamasiye wa mwana wawo.