Chipsera cha Pamphumi pa a Tahiru

Latifu anajambula mwaulere ukwati wa mwana wamkulu wa a Tahiru ku Liwaladzi. Musamuyese wachifundo. Maso ake anali pa Mariam, mng'ono wa mkwatibwi, ndipo ankafuna kuti madalawo amuone kuti ndi munthu woyenera ukamwini.

Zithunzi zinachuluka ngati usipa, koma Latifu ndi mlesi wotheratu. Anakonza chithunzi chimodzi pa laputopu, kuwalitsa nkhope, kufufuta ziphuphu ndi timadontho, kenako n'kulamula pulogalamu kuti ichite chimodzimodzi pa zonse. Iye n'kupita kokamwa tiyi.

A Tahiru atalandira zithunzizo pa foni, anamuitanitsa.

"Mwana iwe, chipsera changa chili kuti?"

Pamphumi pawo pali chipsera chakuda chimene chinabwera chifukwa chogunditsa mutu pamkeka poswali kuyambira ali mnyamata, ndipo amachinyadira. Pulogalamu inachiyesa chiphuphu. M'zithunzi zonse pamphumipo panali see, ngati munthu amene mzikiti amangouonera patali.

"Abale a ku Benga akaona zimenezi aziti chiyani? Kakonze!"

Latifu anachita mantha, koma ulesi sunamuchoke. Anakopera chipseracho pa chithunzi chakale, n'kuuza pulogalamu kuti ichiike pamphumi m'zithunzi zonse. Osayang'ananso n'komwe, anatumiza ku gulu la banja la pa foni.

Nanga pulogalamu ikuwadziwa a Tahiru? Chipsera inagawira aliyense: mkwatibwi, khanda la kumsana, a Tryson oyandikana nawo nyumba amene ndi mkulu wa mpingo, ngakhalenso a Abubakar, amalume a mkwatibwi, odziwika kumowa kuposa kumzikiti. Amalumewo anakondwa mpaka kuyenda nacho chithunzicho kudoko, kuonetsa asodzi.

M'mawa mwake Latifu anapita kukapepesa. A Tahiru anakulitsa chithunzi cha gulu chimene Latifu anadzilowetsamo, ataima moyandikira Mariam. Nayenso pamphumi pali bii.

Anamukodola, n'kumusisita pamphumi ndi chala chachikulu. Posalala ngati mbale.

"Ndamva kuti ukufuna kutumiza akwanu adzafunsire Mariam," anatero mofatsa. "Adzabwere chako chenicheni chikadzatuluka."

Kuseri kwa chitseko Mariam analephera kupirira, anaphulika nako kuseka. Latifu sanaseke. Chipsera chotero chimatenga zaka kuti chioneke, pamene iye swala ya m'mamawa imamupeza akuliza mkonono.