Lupanga la Malemu Hulusi

Amuna anga amwalira kakhumi ndi kanayi, ndipo ulendo uliwonse ine ndimakhala pomwepo, nditanyamula thaulo ndi botolo la madzi.

Amafa Lamlungu lachiwiri la Seputembala, kunsi kwa linga, dzuwa litapendeka. Tsiku limenelo tauni yathu yonse imakwera phiri kukaonera sewero la nkhondo imene makolo athu Aseljuki analanda nayo lingalo kwa Aroma. Lamulo la sewerolo ndi lakale, komanso ndi lopusa. Amene ali ndi lupanga lakelake amavala za Aseljuki n'kupambana. Amene alibe amabwereka za khonsolo, lupanga lathabwa ndi chisoti chamalata, n'kukhala Mroma. Ntchito ya Mroma ndi imodzi basi, kugwa. Ndiye taganizani, a Hulusi, eni butchala pamsika pano, chimunthu chosenza theka la ng'ombe paphewa, chaka ndi chaka amaphedwa ndi a Bahattin ogulitsa mankhwala, munthu woti botolo likalimba chivindikiro amaitana akazi awo.

Dzina linawakanirira. Pabutchala anthu amati, "Malemu, tandipimireni nthiti." Ine akazi anzanga akandipeza pamsika amandigwira dzanja n'kundipepesa maliro, kwinaku akutsinana. A Hulusi amangoseka, ati nkhondo kuti ikome pamafunika wina wodziwa kufa. Ine sizinandiseketsepo ngakhale tsiku limodzi.

Chaka chino zinafika pena. Mwana wathu Nuran ali ndi mnyamata wa ku Konya, Tolga, ndipo makolo a mnyamatayo anatumiza mawu kuti abwera kudzaonera chikondwerero. Chikondwerero chanji? Ankabwera kudzationa ife, kuti ndife anthu otani asanabwere kudzafunsira mbeta. Mayi ake, a Feriha, anandiuza pafoni ndi mawu osalala kuti amva zoti bambo a Nuran ali ndi mbali yaikulu m'sewero. Nditamufunsa Nuran kuti anawauza chiyani, anangoyamba kulira. Anali atanena zoti abambo ake amamenya nawo nkhondo, koma mbali yake anaimeza.

Ndinalumbira ndili kukhitchini komweko kuti chaka chino, ng'oma yomaliza ikamalira, a Hulusi akhala ali chilili.

Loweruka ndinakwera kulinga ndekha. Amalonda anali atamanga kale mahema awo, mauta apa, zishango apo, mphete zokokera uta zitayalidwa pansalu ngati maswiti. Ana asukulu ya ukachenjede a ku Ankara ankayendayenda m'malaya a maunyolo, thukuta kamukamu, wina akudya chimanga chootcha atakweza chisoti pamphumi, wina akufunafuna pamene angaike foni m'zovala zopanda thumba. Ndinadutsa onse ogulitsa zonyezimira mpaka kwa mkulu wina wa ku Yatağan, kwawo kwa osula malupanga, wa zala zakupsa, amene sankaitanira malonda ngati anzakewo.

Anayamba n'kundionetsa kalupanga kapulasitiki, ati ka adzukulu. Ndinamuyang'ana mpaka anakabweza. Kenako anatulutsa lalitali lowongoka, lokongola ndithu, koma ndinamuuza kuti zaka khumi ndi zinayi ndaonera malupanga owongoka akugwa m'fumbi, andipatse lokhota. Pamenepo anadziwa kuti wakumana nazo. Anaitanitsa tiyi. Tinamwa matambula atatu tikukokana pamtengo, iye akulumbira pa ana ake, ine ndikuimirira kawiri ngati ndikupita. Pomaliza anatulutsa pansi pa tebulo lupanga la chigwiriro cha nyanga, m'chimake chachikopa chakuda. Sanandipatse m'manja ayi, analigoneka patebulo kuti ndidzitolere, pakuti chitsulo chodula sitipatsirana pamanja, mungadane.

"Ndi lobuntha dala, mayi," anatero. "Ngakhale tchizi silingadule. Alisiye choncho, apo ayi sawalola kulowa nalo m'bwalo."

Ndinayankha kuti ndamva. Koma sindinamuuze kuti amuna anga amagwira ntchito yanji.

A Hulusi atalisolola madzulo amenewo analitembenuza uku ndi uku. Maso anafiira. Ine mtima unangoti myaa, ndinaona kuti ndachita chinthu. Kenako anayendetsa chala chachikulu kukamwa kwa lupangalo, monga amachitira ndi mpeni uliwonse umene wafika m'manja mwawo, ngakhale kunyumba kwa eni ake, ndipo nkhope inagwa.

"Chitsulo chabwino chonchi, mayi a Nuran. Munthu angachisiye bwanji chonchi?"

Ndinawauza lamulo kawiri, kachitatu ndikuwaloza ndi chipande. Analonjeza kuti salikhudza.

M'mawa wa Lamlungu ndinadzuka iwo atapita kale kubutchala. Sindinadabwe, chifukwa nkhosa yamphongo ya phwando la kulinga amakonza ndi iwo chaka chilichonse. Anabwerako cham'ma teni akuimba mluzu, lupanga lili m'khwapa, ati amafuna anzawo apamsika alione. Pamkono wawo wamanzere panali kadera kopanda ubweya, koyera ngati pachikhatho. Ndinakaona ndithu kaderako, koma mutu unali ku mpunga wa alendo.

Pachipata cha bwalo pamakhala tebulo la aphunzitsi a Sadik, amene anapuma ntchito koma ukali sanapume nawo. Ndiwo amayesa chida chilichonse. Anasolola lupanga la a Hulusi, analiyang'ana mopendeketsa mutu, n'kutenga nyuzipepala imene anakhalira. Anangoikhudzitsa. Nyuziyo inagwa pansi zidutswa ziwiri, osamveka n'kung'ambika komwe.

"Ndangolipukuta pang'ono, aphunzitsi," anatero a Hulusi, maso ali pansi.

Zimene ndinayankhula pamenepo sindingazibwereze. Ndinatchula agogo awo a Hulusi, ndinatchula mwala wawo wonolera ndi kumene ndikautaye. A Sadik anakankhira lupanga langa pansi pa tebulo n'kuwaloza a Hulusi mulu wa malupanga athabwa. Amuna anga anatola limodzi, navala chisoti chamalata chophwanyika mbali imodzi chija, napita osacheuka. Ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho chinangowonjezera mkwiyo.

Ndinakakhala pabenchi pakati pa Nuran ndi a Feriha. Mayiwo anali atavala magalasi akuda, chikwama atachikumbatira pamiyendo ngati tiwabera. Anafunsa kuti bambo ndi ati pa okwera mahatchiwo. Ndinati sali pahatchi. Anafunsa ngati ali pa a mbendera. Ndinati dikirani muwaona.

Ng'oma zinalira, mahatchi anathamanga, fumbi linati kobo. Wolengeza pachimkuzamawu anakuwa zomwe amakuwa chaka chilichonse. Aroma anayamba kugwa mmodzimmodzi. A Bahattin, amene ndiwo mkulu wankhondo wa Aseljuki, anafika pa a Hulusi akupumira m'mwamba, nawagunda pamimba ngati munthu wogogoda pakhomo. Amuna anga anazungulira kamodzi, anagwada, anagwira pamtima, nagwa chagada. Chilungamo chake, amadziwa kugwa. Anthu anaomba m'manja, wina kumbuyo kwathu n'kunena mokweza kuti Malemu atisiyanso.

"Ndi aja agona pafupi ndi ngalandewo?" anafunsa a Feriha.

"Omwewo."

Bambo ake a Tolga anatsokomola, Tolga anayamba kuwerenga zolembedwa pabotolo la madzi, Nuran akuyang'ana nsapato zake. Ine manyazi anandigwira mpaka m'makutu munatentha.

Sewero lathu limatha ndi nkhosa. Amaipachika yosendasenda pachipata cha linga, mkulu wankhondo amaidula pakati ndi lupanga kamodzi kokha, ng'oma yomaliza imalira, akufa amadzuka, ophika amatenga nyama. Isanaduke nkhosayo, wakufa aliyense amayenera kugona pomwe wagwera. Tsono pali chinsinsi chimene timachidziwa anthu ochepa. Lupanga la a Bahattin nalonso ndi lobuntha. Nkhosayo a Hulusi amaidula kale msana m'mawa kubutchala, n'kuilumikiza ndi ulusi mkati, moti ngakhale mutaimenya ndi ambulera ikhoza kugawanika.

A Bahattin anaima bwino, anayang'ana kumene kunali makamera, nakantha. Nkhosa inangogwedezeka. Anaseka pang'ono, anabwerera m'mbuyo, nakanthanso ndi manja awiri. Inapita uko n'kubwerera yathunthu. Kachitatu anachita kuthamangira, ndipo nkhosa pobwerera inawapeza kumaso. Chisoti chinagubuduka mpaka kumapazi a oimba ng'oma.

Phiri lonse linafa nacho chikhakhali. Mkulu wa khonsolo anayang'ana wotchi, ophika anaima ndi mabeseni awo, mitembo ina inayamba kudzutsa mitu. Pamenepo m'pamene kadera kopanda ubweya kaja, kamene anameta poyesa kuthwa kwa lupanga, kanandibwerera m'mutu. M'mawa wonse unathera pamwala wonolera, ndipo nkhosa anaitumiza kulinga osaigwira msana.

Sindikudziwa kuti ndinaimirira nthawi yanji. Ndinangozindikira ndili patebulo la a Sadik, iwo khosi lili kunkhosa, ine ndikukoka lupanga langa pansi pa miyendo yawo. Ndinalowa m'bwalo ndi diresi langa la alendo, ndikudumpha Aroma. Mmodzi, telala wa pafupi ndi positi, anadandaula kuti ndamuponda chala. Ndinamuuza kuti wakufa sadandaula.

A Hulusi anatsegula diso limodzi. Ngakhale ndinali nditakwiya chotero, sindinawapatse m'manja. Ndinaligoneka m'fumbi pambali pawo.

"Dzukani, bambo a Nuran."

"Ndafa ine, Müzeyyen. Ng'oma sinalire."

"Ilira bwanji nkhosa musanaidule? Munalinola nokha. Mukapanda kudzuka pano, kunyumba mukafa zenizeni."

Anayang'ana kumwamba kanthawi, ngati akufunsa nzeru kwa Mulungu. Kenako anagwira chigwiriro chija nadzuka.

Kuseka kunazima pang'onopang'ono, kuyambira mabenchi akutsogolo. Mroma wa chisoti chophwanyika, fumbi mpaka m'ndevu, ankayenda pakati pa mitembo atagwira lupanga la Aseljuki. Sanathamange, anayenda momwe amayendera pochoka pasikelo kupita pachipika. Atafika anaimitsa nkhosa ndi chikhatho. Anayendetsa zala pamsana wake kuchokera m'mwamba, akuwerenga mafupa, milomo ikugwedera, mpaka anapeza pamene ankafuna. Anawauza a Bahattin mwaulemu kuti, "Tapatukani pang'ono, achimwene, mungadetse malaya."

Sanakweze n'komwe kwambiri. Ndinangomva kuti tswii, ndipo theka la nkhosa linagwera pansalu, linalo likulendewera osagwedezeka.

Kenako telala uja, ali chigonere, anakuwa kuti, "Malemu auka!" Basi phiri linaphulika. Oimba ng'oma sanadikire chizindikiro. Aroma onse anadzuka n'kumaponya zisoti zamalata m'mwamba ngati apambana ndi iwo, ndipo ana a ku Ankara aja ankamenya zishango ndi zibakera. Wolengeza anangoyamba kutchula dzina la amuna anga mobwerezabwereza, dzina lenileni, Hulusi. A Bahattin, ndiwayamikire, anatola chisoti chawo n'kuomba nawo m'manja. Ine ndinalira poyera, osabisa, ndipo ndinkafuna aliyense wa pamsika aone kuti ndikulira chifukwa chiyani.

Ndinathamangira pamene anaima. Anali chiimire momwe anamalizira kudula, phazi limodzi kutsogolo, lupanga litaloza pansi, chibwano m'mwamba. Anthu ankati akudzionetsera, makamera ali ng'aning'ani. Nditayandikira ndinaona thukuta likutsika m'khosi, ndipo anayankhula osatsegula mano.

"Msana wandigwira, Müzeyyen. Miyendo sindikuimva bwino. Ndigwa."

"Yesani muone."

Ndinaima kumbuyo kwawo ngati mkazi wonyadira mwamuna wake, ndinalowetsa dzanja pansi pa chinsalu chofiira cha Aroma, n'kugwira lamba. Ndinapinda chigongono, ndinaponda mwamphamvu, iwo n'kutsamira. Makilo zana ndi khumi, onse padzanja langa lamanja.

Tili chomwecho ndinaona a Feriha akutsika pamabenchi, magalasi atavula, chikwama atamusiyira Tolga, akukankha anthu ndi zigongono ngati mayi wa pamsika pathu pano. Anafika akupuma wefuwefu. Anawayang'ana a Hulusi kuyambira kuchisoti mpaka kumapazi, anayang'ana nkhosa, kenako anatembenukira kwa ine.

"Lachisanu tibwera kudzamwa khofi wa Nuran," anatero. "Tibwera ndi maluwa, ndi akuluakulu a kwathu, kudzafunsira mbeta."

Anatambasula dzanja kuti tigwirane. Ndinawapatsa lamanzere, ndipo ngati anadabwa sanaonetse.

Oimba ng'oma tsiku limenelo anachita kunyanya, anaimba nyimbo yonse n'kuibwerezanso. Dzanja linachita dzanzi, phewa linkayaka moto, ndipo masiku atatu otsatira ndinkalephera kukweza ketulo. A Hulusi ankanong'ona kuti ndiwasiye akhale pansi, ine ndikunong'ona kuti amwetulire. Ng'oma yomaliza inalira ndikadagwira lambayo, ndipo sanagwe.