Kalata Imene a Pulofesoro Anakana Kudinda

Carlota anafika pasukulu ya sekondale ku Ulongwe thukuta lili kamukamu. Njinga sanaiimike n'komwe, anangoiponya pansi. Anali atapalasa kuchokera ku Fonte Boa, kusiya mbatata ya kachewere ili mbwee m'munda, ndipo mtima wake unali kuwira.

Nkhani inali ya mwana wake Vânia, wazaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, amene pasukulu ponse panalibe womupeza pa liwiro. Mtsikanayo anapeza pa foni tsamba la pa intaneti la Hortência, mwana wa kwawo komweko amene amathamanga m'mipikisano ya kunja. Tsambalo linkati Hortência watsegula sukulu yaulere ya atsikana othamanga ku Maputo. Eni tsambalo ankangofuna chithunzi cha bilyete, chiphaso cha mwana, ndi kalata yodinda ya kusukulu, basi Loweruka galimoto idzatenga atsikanawo pamene pamaima machapa, maminibasi a kumeneko. Koma a Tiago, mphunzitsi wa masewera, anakana kudinda kalatayo.

"Ndinu a pulofesoro Tiago? Ndinu mwakaniza mwana wanga?"

"Ndine ndithu, mayi. Takhalani pansi."

"Sindinabwere kudzakhala ine! Nsanje basi! Mwana wa mlimi akangoti akwere, inu mwamugwira mwendo. Hortência mumamudziwa inu? Ine ndinamubereka kumsana kuno ali khanda. Angandibere mwana ameneyo?"

A Tiago sanakweze mawu. Anatsegula tsambalo pa foni yawo. Hortência anali pomwepo, akumwetulira, mendulo ili pakhosi.

"Nkhopeyi ndi yake, sindikukana," anatero. "Koma chithunzi aliyense amatha kuchitenga n'kuchimata patsamba lake. Ine ndafufuza. Tsambali latsegulidwa mwezi wathawu. Silikutchula msewu kapena nyumba imene kuli sukuluyo. Nambala yake ukaiimba sayankha, amangolemba mauthenga. Ndafunsa ku ofesi ya boma yoona za masewera, sukuluyi sakuidziwa. Ndiye taonani apa: akuti atsikana abwere okha, makolo asawaperekeze."

"Za mafoni zanuzo musandiopseze nazo," anatero Carlota. "Ku Maputo n'kutali, tonse tingakwane m'galimoto?"

"Chabwino. Inu mukumudziwa kuposa ine. Pali pena pamene akufotokoza mbiri yake. Ndikuwerengereni?"

Carlota anaphunzira sukulu yake yochepa kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, choncho Chipwitikizi cholemba chinkamuvuta. Anangopinda manja n'kunena kuti, "Werengani."

A Tiago anawerenga akumasulira. "Akuti, ndinabadwira kumudzi kwathu pafupi ndi Fonte Boa m'chaka cha 1991, ndipo ndinaphunzira kuyenda m'mizere ya mbatata ya mayi anga."

"Mwati chiyani? Tabwerezani."

Anabwereza. Carlota anakhala pa mpando uja anaukana.

"Bodza!" anatero. "Chaka chimenecho kumudzi kwathu kunalibe ngakhale nkhuku. Tonse tinali titathawira ku Dedza. Hortência anabadwira mumsasa wa udzu, madzi omusambitsa ndinakatunga ndine, ndili ndi zaka khumi. Munda wa mbatata anauona koyamba titabwerera, akuyenda kale. Ndipo iye sabisa zimenezi, ngakhale pa wailesi amanena. Ndani walemba zimenezi?"

"Ndilo funso langa, mayi. Komabe tisafulumire, mwina wina anamulembera n'kulakwitsa. Tifunse mwini wake, koma osati pa nambala ya patsambali. Pali njira ina yomupezera?"

"Amake amagulitsa mbatata ku Domwe."

Vânia atamva kuti ulendo waima, analira mokwiya. "Amayi, mwandiwonongera mwayi! Anzanga apita, ine nditsala ndikulima kumunda!"

"Tonthola iwe! Mawa tipitira limodzi, ukadzimvere wekha."

M'mawa mwake anakwera chapa kupita ku Domwe. Anawapeza mai Rufina, amake a Hortência, atakhala pakati pa matumba a mbatata. Carlota anagwada, anawalonjera, kenako n'kuwaonetsa tsambalo.

"Sukulu ku Maputo?" anadabwa mai Rufina. "Mwana wanga angatsegule sukulu osandiuza ine? Taimani." Anamasula foni pa chitenje n'kuimba, mawu akumveka kwa onse.

"Mana Carlota!" anafuula Hortência atamva nkhaniyo. "Musamutumize mwanayo, chonde! Ine ndilibe sukulu. Tsamba langa ndi limodzi lokha, ndipo bungwe lathu la othamanga limalidziwa. Akuba amenewo atenga nkhope yanga. Atsikana akakwera galimoto imeneyo, simudzadziwa kumene apita. Pitani kupolisi lero lomwe, nanenso ndikadandaula kuno."

Vânia anangoti kukamwa yasa. Carlota anakwiyira anthu osawadziwawo, amene anatenga Hortência, mwana amene iye anamulera, n'kumusandutsa nyambo. Anadzikwiyiranso yekha. Akanakhala kuti chidindo chinali m'manja mwake, bwenzi atadinda yekha, chikwama atalongedza yekha, mwana atamukweza yekha m'galimoto akululutira.

"Afisi inu!" anakuwa pakati pa msika, anthu mpaka kucheuka. "Ana athu mwawayesa mbuzi za pamsika?"

Tsiku lomwelo anabwerera ku Ulongwe, anatenga a Tiago n'kukanena kupolisi. Asanatuluke pasukulu, Carlota anaima pakhomo akuyang'ana pansi.

"A pulofesoro, dzulo ndinakulalatirani."

"Munalalata chifukwa cha mwana, mayi. Nanenso ndinakana chifukwa cha mwana yemweyo."

Loweruka m'mawa Carlota anali pamene pamaima machapa, pamodzi ndi a Tiago ndi apolisi awiri. Anapezapo atsikana anayi a m'midzi ina, aliyense ndi kachikwama kake ndi kalata yake, popanda kholo ngakhale limodzi. Mmodzi anali atanyamula nsapato zothamangira m'manja kuti zisade. Carlota ataona nsapatozo, misozi inalengeza.

Dzuwa litakwera inatulukira galimoto yoyera ya magalasi akuda. Inachepetsa liwiro. Woyendetsa ataona apolisi, anaiponda moto n'kulowera msewu wa ku Tete, fumbi lili koboo. Apolisi analemba nambala yake n'kuimbira anzawo a kutsogolo.

"Bwanji osaima?" anakuwa Carlota akuloza fumbilo. "Si mwabwera kudzatenga akatswiri? Imani tikuoneni nkhope!"

Atsikana aja anabwerera kwawo onse, aliyense ataperekezedwa. Patapita masabata awiri tsambalo linatsekedwa. Vânia anakhala masiku angapo atakhumudwa, koma a Tiago anamulembetsa ku mpikisano wa masukulu ku Tete. Kalata ya ulendo umenewo anaidinda okha, ndipo m'chapa anakwera nawo.

Lamulungu lina Misa itatha ku Fonte Boa, Carlota anapempha kuyankhula kwa makolo.

"Abale, ine ndinatsala pang'ono kupereka mwana wanga kwa akuba ndi manja anga awiriwa, chifukwa choona nkhope yoidziwa. Safunsa anadya phula. Mukaona tsamba la katswiri likuitana ana, nkhope isakukhutitseni. Funsani kuti mwini wake ndani, ali kuti, ndipo linayamba liti. Werengani zimene likunena, muzifananize ndi zimene mukudziwa inu. Mupezeni munthuyo panjira ina, osati pa nambala imene akupatsani iwowo. Funsani kusukulu ndi ku ofesi ya masewera. Ndipo aliyense wonena kuti mwana abwere yekha, fulumirani, musauze anthu, ameneyo ndi wakuba, kamuneneni kupolisi."

Mayi wina kumbuyo anafunsa kuti, "Koma si paja mumati Hortência munamubereka kumsana inu?"

"Eya, Hortência ndinamubereka," anayankha Carlota. "Koma amene analemba tsamba lija sindinamuberekepo, ndipo mpaka lero sindimudziwa. Ndiye ameneyo ndinkafuna kumupatsa Vânia wanga."