Majezi Amene a Ceinwen Anasiya M'madzi

"Mlamu, manja amenewo achoke m'madzimo."

A Idwal Prosser sanadzutse mutu. Anali atagwada kukhitchini, malaya atapinda mpaka m'zigongono, akukwecha jezi yofiira pathabwa. Madzi a m'bafa la malatalo anali atayamba kununkha, chifukwa majeziwo anagonamo kuyambira Lolemba. Amene anawaviika ndi akazi awo, a Ceinwen, atadzikoka kuchoka pabedi chibayo chili m'nthiti. Lachiwiri anatsikira kulichete. Tsopano linali Lachinayi, ndipo bokosi lawo linali m'chipinda chakumaso, kudikira mawa.

"Ndikunena inu," anatero a Olwen, akulu awo a malemu, ataima pakhomo ndi diresi lakuda. "Mng'ono wanga ali gone uko, inu muli kalikiliki ndi nsanza za mpira. Msewu wonse watseka makatani. Palibe mayi ndi mmodzi yemwe amene wayanika ngakhale thewera, kulemekeza nyumba ino. Ndiye eni maliro ndi amene muyanike?"

"Loweruka kuli mpira."

"Mawa kuli maliro!"

"Mawa ndi Lachisanu," anatero a Idwal, nafinya jeziyo.

Chiyambireni kusewera mu ligi, timu ya Trebanwy Town inkachapitsa majezi ake m'nyumba imeneyi. Inalibe ena. Omwe ankavala Loweruka ili ndi omwe ankavala Loweruka linalo, zigamba zikungowonjezereka.

Ligi ya chaka chimenecho, imene inkathera mu 1930, inayamba bwino. Anyamata anawina kwawo, anawina koyenda, anthu mpaka anayamba kulankhula za chikho. Kenako mgodi wakumtunda unatsekedwa. Amuna amene ankadzaza bwalo anasowa ndalama yolowera, nayamba kukaonera pamwamba pa mulu wa zotaya za malasha, pamene pankaoneka theka la bwalo lokha. Chigoli chikalowa kugolo lobisikalo, ankachidziwira kumfuu. Khirisimasi isanafike, akuluakulu a timu anagulitsa womwetsa zigoli wawo ku England, ndipo kuchokera pamenepo kunali kukwapulidwa kokhakokha. Tsopano kunatsala masewero amodzi. Kugonja kunali kutuluka mu ligi, ndipo aliyense ankadziwa kuti timu ya m'tauni yopanda mgodi ikatuluka sibwereranso.

Pamasitepe opita kuchipinda chapamwamba panakhala Trefor, mwana yekhayo wa a Idwal ndi a Ceinwen, amene ankatseka kumbuyo m'timuyo. Anavala suti yakuda yobwereka, manja ake aatali atatulukira kunja. Chiferereni mayi ake anali asanayang'aneko nsapato zake za mpira. Ichi ndicho chinkawadya a Idwal kuposa fungo la m'bafamo: Loweruka timu idzalowa m'bwalo popanda mwana wa Ceinwen, pa tsiku limene inkamufuna kuposa masiku onse.

Kukhomo lakuseri kunamveka kugogoda. Analowa a Morlais, mkulu wosamala osewera, chipewa chili m'manja, mwendo umodzi akukoka monga mwa masiku onse.

"Pepani, a Idwal. Pepani, mayi." Anayang'ana bafa lija, nayang'ana a Idwal, pakamwa pali yasa. "Achimwene, zaka zonsezi ndakuonani mukukumba malasha, koma izi ndiye ndaona lero. Amuna a mumsewu uno akamva, akuthamangitsani. Akazi awo ayamba kuwapatsa ntchito."

"Mwabwera kudzatani?"

"Andituma akuluakulu. Akuti musavutike, tabwereka majezi kwa anyamata a kutchalitchi. Oyera."

"Trebanwy sivala zoyera."

"Ndinawauza choncho. Ndinati tikalowa ndi zoyera, anthu ayesa tabwera kudzabatizidwa." A Morlais anazunguza chipewa m'manja, nasuzumira kumasitepe. "Nanga mnyamata wathuyu?"

"Musayerekeze," a Olwen anawadula. "Mayi ake alowe m'manda mawa, mkuja iye azikathamanga ndi kabudula pamaso pa anthu? Abusa adzati chiyani? Adzatinena mpaka zidzukulu."

"Mayi, kumbuyo kuja popanda iyeyu ndi khomo lopanda chitseko. Amene tingaikepo ndi mwana wa wogulitsa nyama uja, amene amatseka maso mpira ukamabwera."

"Atseke. Sitinabwerere mpira pano."

"Sindisewera, a Morlais," anatero Trefor, osadzutsa nkhope. "Amayi aakulu akunena zoona. Ndipo miyendo yanga yafa."

A Idwal anamuyang'ana mwana wawo kamodzi kokha. Kenako anataya madzi akuda aja, nathiramo ena otentha. Sankaidziwa ntchitoyi. Sopo ankawapulumuka, madzi ankawalowa m'nsapato, ndipo masokosi oyera anali atasanduka ofiirira chifukwa anawasakaniza ndi majezi. Koma sanaleke.

A Olwen anayandikira. "Mukudziwa chimene chamupha mng'ono wanga? Ndi zimenezi. Madzi ozizira, nthunzi, kunja chisanu, chaka ndi chaka. Ndipo ndani mwa akuluakulu anuwo wabwera kudzamuona? Atumiza wopunduka uyu kudzafunsa za nsanza zawo."

"Zikomo, mayi," anatero a Morlais.

A Idwal anafinya jezi yomaliza. "Mukanamuuza ali moyo."

"Ndinamuuza!"

"Anati chiyani?"

A Olwen anapukuta mphuno ndi kansalu. "Ananditukwana."

A Idwal ananyamula dengu la zochapazo natuluka. Chingwe cha m'bwalo lawo chinali chachifupi, choncho anachita monga ankachitira a Ceinwen: anamanga china kudutsa kanjira kakuseri mpaka pamtengo wa nyali. Anayanika imodzi, nayanika ina. Nyumba zonse za m'mbali mwa phirilo zinali zotseka maso ndi makatani, utsi wokha ukufuka, ndipo pakati pa zakuda zonsezo majezi ofiira anayamba kukupiza. Makatani ena anasunthira pambali pang'ono. Mkazi wa mkulu wa mpingo anatulutsa mutu pamwamba pa mpanda.

"A Prosser! Mwazungulira mutu? Maliro ali m'nyumba!"

"Mphepo ndi yabwino lero, mayi," anatero a Idwal, chopanira zovala chili kukamwa.

A Morlais anawatsatira, akugwira jezi iliyonse ndi chala ngati mbusa wolowetsa nkhosa m'khola. Atafika kumapeto kwa chingwe anabwereranso.

"Ya goloboyi ndi iyi. Ya kaputeni ndi iyi, yong'ambika kukhosiyi. A Idwal, yasowa imodzi."

"Zonse zinali m'bafa ndachapa."

"Ndiye imodzi sinalowe m'bafa."

Anabwerera kukhitchini. Anasuzumira pansi pa tebulo, m'thumba limene majezi ankabweramo, kuseri kwa chitseko. A Olwen ankangowayang'ana, manja atapinda pachifuwa. Pomaliza anausa moyo.

"Amuna inu maso anu ndi a chiyani? Ili pashelefu apo, pamwamba pa mbaula. Ndinaiona dzulo ndikusesa. Ndinkayesa ndi yochapa kale."

A Idwal anaitsitsa. Inali yopindidwa bwino, youma, ndipo pamwamba pake panali chidutswa cha sopo chosakhudza madzi. Ataitambasula, inalibe matope ngakhale pachigongono. Kanali kafungo ka thukuta kokha.

A Morlais anaseka mwadzidzidzi, kenako anatseka pakamwa pokumbukira bokosi lija. Misozi inali ikutsika, ya kuseka kapena ya chiyani, sanadziwe okha.

"Ha, Mayi Prosser inu! Mpaka tsiku lomaliza!"

"Chikukusekesani n'chiyani?" anafunsa a Olwen.

"Simukudziwa, mayi? Jezi ikabwera kuchokera kubwalo ili yoyera, mng'ono wanu sankaichapa. Ankaibweza kwa mwini wake chomwecho, sopo pamwamba, ndipo ine ndi amene ndinkakaipereka pamaso pa anzake onse. Ankati, 'Ine ndimachapa matope. Woopa kugwa achape yekha.' Mpira sanauonerepo ndi kamodzi komwe, koma ankadziwa amene wasewera ndi amene wangoperekeza anzake. Womwetsa zigoli uja tinagulitsa ku England analandirapo yake. Mnyamata wamatama ngati uja analira, mayi. Sabata yotsatira anabwera ngati nkhumba."

"Ndiye iyi ndi ya mlesi uti?"

A Morlais anayang'ana pansi.

"Ndi yanga," anatero Trefor.

Anali atatsika pamasitepe, ataima pakhomo la khitchini. "Loweruka lapita thupi linali m'bwalo, mtima uli kuno. Ndinkangomva mmene ankatsokomolera ndikutuluka. Anthu aja ankandidutsa ngati mtengo. Nditabwera anandifunsa, ndinawauza kuti tayesetsa." Anayang'ana jezi ija. "Sanandiyankhe. Anangoti ndiwapatse thumba."

"Mwana wake yemwe?" a Olwen anagwira tebulo. "Mpweya ukumuthera, iye n'kumaunguza matope pajezi ya mwana wake? Ceinwen, Ceinwen, mutu wako uja!" Anatambasula dzanja. "Bweretsani kuno, mlamu. Ndichapa ndine. Mwanayu wavutika mokwanira."

Trefor anafika msanga. Anaigwira jeziyo mayi ake aakulu asanaikhudze.

"Ayi, amayi aakulu. Anaikana amayi eni ake."

"Ndiye utani nayo?"

Trefor anaipinda momwe inalili, manja mkati, khosi pamwamba. Anapita nayo mpaka pakhomo la chipinda chakumaso, naima pamenepo kanthawi, akuyang'ana bokosi. Palibe anamva ngati analankhula. Pobwerera anagwada pansi pa masitepe, natulutsa nsapato zake za mpira, matope a sabata yatha ali gwa kunsi kwake.

A Olwen anatsegula pakamwa, nayang'ana a Idwal, nayang'ana chitseko cha chipinda chija. Anakhala pampando.

"Mukanene kwa abusa nokha," anatero. "Ine ayi."

"Ndikanena," anatero a Idwal.

Trefor anatola sopo uja patebulo nawapatsa bambo ake.

"Sungani uyu, ababa. Loweruka madzulo mudzamufuna."

A Idwal anamuika m'thumba la malaya, kumanzere. Kenako anatuluka kukakweza chingwe ndi mtengo, chifukwa manja a majezi anali atayamba kukhudza pansi.