Kalata za Mtengo Watsopano

Zaka zinayi zathunthu NaMopu ankakolopa m'nyumba ndi m'maofesi a anthu pa mtengo umodzi womwewo, ngati kuti anachita kulumbira atagwira Baibulo. Dzinali anamupatsa ndi makondakitala, poti ankakwera basi atanyamula mopu m'mwamba ngati mbendera, ndipo iye sanalikane. M'zaka zinayizo sopo anakwera, mankhwala otsukira m'chimbudzi anakwera, magolovesi anakwera, ngakhale ndowa zapulasitiki zija zimang'ambika ukangoziyang'ana mokwiya nazo zinakwera. Chimene chinakhala pansi mwaulemu, osasuntha, chinali mtengo wa msana wake.

Ntchitoyi ankagwira ndi mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, mayi wamtali amene banja lonse linkamutchula kuti Wailesi. Loweruka lina akuchokera kogula zotsukira, Wailesi anaika jumbo pa tebulo, n'kusuzumiramo ngati akufunafuna singano.

"Mlamu, bwanji tingokalembetsa kuboma kuti ndife bungwe lachifundo? Mwina tizilandirako mabulangete."

"Makasitomala athawa tikakweza," anatero NaMopu.

"Athawire kuti? Kumwamba? Kumeneko ndiye kulibe fumbi."

Mawa lake masana anakhala pansi kulemba kalata. Yoyamba analemba NaMopu, ndipo inali ndi "pepani" asanu m'mizere isanu ndi umodzi. Wailesi ataiwerenga anafunsa ngati mlamu wake wagunda mwana wa munthu ndi galimoto. Anaing'amba. Yachiwiri inangonena kuti kuyambira mwezi wamawa mtengo ukwera pang'ono chifukwa zinthu zadula, zikomo potidalira. Makasitomala asanu ndi atatu anawatumizira pafoni, ndipo onse anavomera, ena atayamba adandaula kaye za sukulu fizi ya ana awo ngati kuti NaMopu ndiye anawaberekera. Anatsala atatu ofunika kuwaonekera pamaso: adokotala a mano, atelala okalamba, ndi Mayi a Agalu.

Kalata ya Mayi a Agalu inali yosiyana ndi zinazo. Mayiwo ankakhala m'nyumba yaikulu ya zipinda zisanu pamodzi ndi agalu anayi aubweya wambiri, omwe ankawatchula kuti ana awo. Anawo ankagona pa masofa, ankadyera pa kapeti, ndipo zimene zimatsatira munthu akadya ankachitira paliponse pomwe mzimu wawauza. Ukamaliza kukolopa, mayiwo ankayenda pambuyo pako ndi kansalu koyera, kupukuta pamwamba pa zitseko, n'kukuonetsa kansaluko osalankhula kanthu. NaMopu anali ndi mdzukulu, koma m'nyumba imeneyo dzina lake linali "mtsikana iwe".

"Awa tisawakwezere pang'ono," anatero Wailesi. "Tiwirikize kawiri. Akwiya, atichotsa, ife tipuma. Sitinawasiye ndife, atisiya okha."

NaMopu analemba nambalayo mwachimwemwe.

Lolemba m'mawa anayambira kwa adokotala a mano. Anatsuka masinki, anapukuta mpando uja anthu amagonapo atayasamula, anakolopa matailosi mpaka kuwala. Adokotala analowa akuimba mluzu, mimba ili patsogolo, makiyi a galimoto yatsopano akuzungulira pachala. NaMopu anapukuta manja pa epuloni n'kupereka envelopu ndi manja awiri.

Adokotala anawerenga ataimirira pansi pa chikwangwani cha mitengo yawo. Chikwangwanicho NaMopu ankachidziwa bwino, poti ankachipukuta katatu pa sabata. Pa mtengo wozula dzino anamatapo timapepala tambirimbiri, katsopano pamwamba pa kakale, mpaka panatupa ngati chithupsa.

"Amayi," anatero adokotala, akuvula magalasi, "kodi mukudziwa m'mene chuma chikuyendera masiku ano?"

"Ndimachiona, adokotala. Chimadutsa pakhomo panga osapereka moni."

"Ndikunena zenizeni. Ino si nthawi yokweza zinthu. Tonse tikuyenera kumanga malamba."

Wailesi anayang'ana lamba wa adokotala, yemwe anali pa bowo lomaliza, n'kutsegula pakamwa. NaMopu anamuponda phazi.

"Ndiponso kukolopa n'chiyani?" anapitiriza adokotala. "Madzi, sopo, basi. Ine ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri kusukulu. Inu mwandikhumudwitsa. Ndimakutengani ngati abale anga."

"Nafenso timakutengani ngati m'bale, adokotala. N'chifukwa chake dzino la mwamuna wanga lija munalizula pa mtengo wachibale, uwo uli pamwambawo."

Adokotala ananena kuti ali ndi mphwawo amene akungokhala kunyumba, atha kumagwira ntchitoyo ndi mtima wothokoza. NaMopu anamasula kiyi wa chitseko chakumbuyo pa chingwe chake n'kumuika pa tebulo. Ofesi imeneyo inali ya masiku atatu pa sabata, koma nkhope anaisunga youma mpaka anatuluka. Atafika panja anakhala kaye pa khonde la sitolo yoyandikana nayo.

"Mmodzi wapita," anatero Wailesi. "Koma si amene timafuna uja."

Kwa atelala anafika cha m'ma leveni. Bambowa anasiya kusoka maso atayamba kuchita nkhungu, ndipo chimwalirireni akazi awo ankakhala okha m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Kunali kosavuta kukonza: kusesa, kuchapa makatani, kupukuta makina osokera omwe anali pakona atafunditsidwa nsalu. NaMopu ankakukonda kumeneko. Envelopu anaigwira nthawi yaitali m'thumba la epuloni, mpaka atelala anafunsa chimene chinkachita phokoso ngati mbewa.

Anawawerengera yekha, mawu ali pansi. Atelala anamvetsera atapendeketsa mutu.

"Mwachedwa nayo kalatayi," anatero. "Koma ine mtengo umenewo sabata iliyonse sindingaukwanitse. Penshoni ya telala ndi nsanza. Muzibwera kawiri pa mwezi. Fumbi silinaphepo munthu, ndipo ine sindiliona n'komwe."

"Ayi bambo, inu tikusiyirani mtengo wakale womwe uja."

"Kuti ndikhale wopemphetsa m'nyumba mwanga momwe?" Anagogoda ndodo pansi. "Mwana wanga, ine ndasoka masuti zaka makumi atatu ndikuchita manyazi kukweza mtengo. Anthu ankandikonda koopsa. Pamsewu moni mbali zonse. Taonani chimene chikondi chawocho chinandigulira."

Analoza mpando umene Wailesi anakhalapo, wa miyendo itatu, wachinayi uli njerwa ziwiri.

"Ndiye mwati ndikhale bwino apa," anatero Wailesi, akudzuka pang'onopang'ono.

Atelala anaseka mpaka kutsokomola. NaMopu nayenso anaseka. Tsiku limenelo anatsuka ndi mawindo omwe, ngakhale sinali sabata yake, ndipo atelala anamuuza kuti asaganize kuti sakumva kulira kwa galasi.

Anatsala Mayi a Agalu. Panjira Wailesi ankayeseza nkhope yachisoni yoti adzaonetse akamachotsedwa ntchito. Anagwirizana kuti asakangane nawo, angoti tamva mayi, Mulungu akudalitseni, kenako akasekere kuseri kwa mpanda.

Pageti anawalandira agalu awiri, mmodzi n'kupukutira mphuno pa siketi ya NaMopu monga mwa mwambo wake. Mayiwo anali pabalaza, miyendo pa kampando, akupesa galu wamng'ono ndi chipeso chomwe NaMopu anali ndi chikhulupiriro chonse kuti ankapesera ndi tsitsi lawo lomwe.

"Mtsikana iwe, mwachedwa."

"Tabwera ndi kalata, mayi."

Mayiwo anang'amba envelopu ndi chikhadabo chofiira, n'kuwerenga kalatayo. Anaiwerenganso. NaMopu anayang'ana pansi, pa ubweya womwe unkauluka pa matailosi, n'kuutsanzika mumtima. Kenako anamva kuseka.

"Basi? Imeneyi ndiye nkhani yake?" Mayiwo anapukuta msozi ndi nsonga ya chala. "Ine ndimadabwa kuti anthu inu mumadya chiyani. Ndinkangoti mwina muli ndi kwina kumene mumapeza. Inu musanabwere ndinaitana kampani ina, ya mayunifolomu ndi galimoto yolembedwa m'mbali. Ananditchaja kuposa apa, ndipo tsiku lachiwiri sanabwerenso. Anati mtsikana wawo watupa maso."

"Mayi, mwaona bwino nambalayo?" anafunsa Wailesi. "Tawirikiza kawiri. Kawiri. Mwina mufuna muganizire kaye, mufunse abambo, mupemphere."

"Palibe choganiza. Ndipo mwachita bwino kubwera, ndimafuna ndikuuzeni kuti muzibweranso Lachisanu. Tabwerani muone."

Anawatsogolera kuchipinda chogona, n'kutsegula wodilopu. Fungo linatuluka loyamba, linawapatsa moni wa m'manja. Pansi, pa mulu wa madiresi, panagona galu wachinayi uja, ndipo pamimba pake pankanyang'ama tiana tisanu ndi kamodzi.

"Ndakhala gogo!" anatero mayiwo, atagwira pamtima. "Sindipereka ngakhale kamodzi. Magazi anga sangakaleredwe kwa anthu."

"Mwayi wake," anatero NaMopu. Mawuwo anatuluka okha, iye ali kutali.

"Komanso mkulu wanga akufuna anthu okonza m'nyumba. Ndamuuza za inu. Iye sakonda agalu, musadandaule. Ali ndi amphaka."

"Angati?"

"Anasiya kuwerenga."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka. Mayiwo anayenda pambuyo pawo ndi kansalu koyera kaja, n'kupeza fumbi pamwamba pa chitseko cha kubafa, ndipo ulendo uno analankhula: anati pa mtengo watsopanowu akuyembekeza kuti zoterezi zitha.

Pobwerera, ali pa siteji, Wailesi ankachotsa ubweya pa lilime.

"Nzeru zija zinali za ndani?" anafunsa NaMopu.

"Inu ndinu munalemba, mlamu. Ine ndimangolankhula, aliyense amadziwa zimenezo."

"Walira mvula walira matope."

"Ine ndinalira kamvula kowaza. Izi ndi zigumula."

Kunyumba mwamuna wake atamva nkhani yonse anati sakuona vuto, ndalama ndi ndalama, galu ndi chinthu cha Mulungu. NaMopu anamuuza kuti Lachisanu pali malo a munthu mmodzi woopa Mulungu wokatsuka mu wodilopu. Bamboyo anakumbukira kuti msana wake sunali bwino chiyambire chaka chatha.

Ngakhale zinali choncho, mwezi wotsatira zinthu zinayenda. Lachisanu la agalu linatseka dzenje limene adokotala anasiya, ndipo kwa amphaka kuja, komwe NaMopu anatchula mtengo wake maso ali gwa, kunabwera ndi nsapato zatsopano za mdzukulu. Anagulanso tinsalu tophimba pamphuno, paketi yathunthu. Kwa atelala ankapita kawiri pa mwezi, ndipo ulendo uliwonse ankawapeza atasesa kale pakati pa chipinda, zinyalala atazikankhira pansi pa bedi, akuumirira kuti m'nyumba mwayera.

M'mawa wina, akudutsa pa ofesi ya adokotala a mano kupita kokwerera basi, Wailesi anamukoka mkono. Makatani anali otsegula. Mphwawo woyamikira uja sankaoneka. M'katimo munali adokotala eni ake, atapinda buluku mpaka m'maondo, tayi ataiponya paphewa, akulimbana ndi mopu wonyowa kwambiri. Anayambira pakhomo n'kumabwerera m'mbuyo, ndipo tsopano anali ataima pakona, kuseri kwa mpando wa odwala, madzi akuda atawazungulira mbali zonse.

"Ndiwafunse za chuma?" ananong'ona Wailesi.

"Asiyeni."

Koma NaMopu sanathe kupirira kuona matailosi amene anawasamala zaka zinayi akuzunzidwa chotero. Anagogoda pawindo. Adokotala anatembenuka, n'kuyesa kubisa mopu kumbuyo, ndodo yake ili tolotolo pamwamba pa mutu wawo.

"Muzifinya kaye, adokotala!" anakuwa. "Ndipo muziyambira kumbuyoko, kumalizira pakhomo!"

Adokotala anagwedeza mutu mwaulemu wonse, ngati munthu amene akulandira malangizo a katswiri mnzake pa msonkhano. Anaponda phazi limodzi pamadzipo, n'kugwira mpando msangamsanga.

Basi inali itaima kale pa siteji, kondakitala akuitana NaMopu ndi dzina lake. Anathamanga ndowa zikugundana, n'kukhala pa mpando wakumbuyo. Bambo wa jekete amene anakhala pakati pawo anayetsemula kanayi basi isanafike pa mphambano, kenako anafunsa ngati wina wakwera ndi mbuzi.