Nsomba za a Brom

"Lero mwawapatsanso chiyani?"

Mai Otylie anafunsa osatembenuka n'komwe. Anali akukulunga mbale m'malaya akale n'kumazilonga m'bokosi. Amuna awo, a Cenek Brom, anali pakhomo akulimbana ndi nsapato zawo zachikopa zofika m'ntchafu, matope ali noninoni.

"Palibe chachikulu. Kiyi chabe wa kanyumba kosungira makoka."

"Kiyi chabe!" Mai Otylie anaika mbale pansi. "Abambo ake Jarmila, inu mutu wanu ukuyenda bwino? Mwezi wa Epulo a Hable anapempha dambo loti akavalo awo adyeko msipu, munawapatsa. Kenako anati njira ya ngolo idutse pamunda wa mbatata, munavomera. Lero ndi kiyi. Mawa akapempha buluku mwavalalo mudzabwera kuno mutaphimba ndi chipewa."

"Kupatsa n'kuika, mayi. Popanda ngolo zawo nsomba zathu zikafika bwanji kusiteshoni? Muzisenza pamutu?"

Apa ndiye panali nkhani, ndipo mai Otylie anangotsonya. Ife a ku Vrbiny tonse tinkadziwa kuti m'dziwe la a Brom munali thukuta la zaka zitatu. Nsomba zonona zija timati kapr sizikula msanga, zimafuna kudyetsedwa ngati ana. Zikakwana, mwini dziwe amatsegula chitseko cha madzi pang'onopang'ono, dziwe n'kuphwa, nsomba n'kusonkhana pakadzenje kapafupi ndi khoma. Pamenepo amazikokolola ndi khoka, kuziika zamoyo m'migolo ya madzi, ulendo wa kusitima. Migolo ndi ngolo zokwanira ntchito imeneyo m'mudzi monse anali nazo munthu mmodzi, a Ignaz Hable, Mjeremani, amene mpanda wawo unagundana ndi wa a Brom.

Chaka chimenecho, 1938, a Brom anatsegula chitseko mu Seputembala monga mwa nthawi zonse. Madzi ali pakati kuphwa, wailesi inalengeza kuti akuluakulu a ku England ndi ku France akhala pansi ku Munich ndi mkulu wa ku Berlin, ndipo amupatsa maboma onse a m'malire a dziko lathu kuti aleke kuopseza nkhondo. Ife Acheki, eni dziko, sanatiitane n'komwe, tinangomva kuti Vrbiny wapita. Asilikali a Germany ankayembekezeka kulowa Loweruka masana, ndipo mbiri inali ponseponse yoti akangolowa, palibe chiweto kapena katundu wa malonda amene adzaoloke malire atsopano. A Brom ndi akazi awo ankakonzeka kuthawira kwa mwana wawo Jarmila kutauni, ndipo analibe china chokayambira moyo kumeneko. Chuma chawo chonse chinali kusambira m'matope.

A Hable analonjeza ngolo Lachitatu. Lachitatu litafika anati kavalo mmodzi wataya chitsulo chakuphazi. Lachinayi anati migolo yauma, ikudontha, iyambe yaviikidwa. Ndipo tsiku lomwelo, kiyi ali kale m'thumba mwawo, anatulukira pakhomo la a Brom ndi botolo la kachasu wa maplamu, atavala sokosi zoyera zofika m'mawondo. Sokosi zimenezo ankavala ndi a chipani cha Berlin okha, ndipo a Hable anali atangoziyamba chilimwe chomwecho.

"Odi, aneba! Mayi, musandiyang'ane choncho ngati ndabwera kudzalanda mbuzi."

"Mbuzi munatenga kale udzu wake," anatero mai Otylie. "Sokosi zikukukhalani. Akazi anu akuvutika ndi kuchapa."

A Hable anaseka kwambiri, kuseka kopitirira nthabwala yake. Anathira kachasu m'matambula awiri, nayamba kudandaula za nthawi zoipa. Anati iwo ndale sazikonda, sokosi n'zongodzitetezera. Anati anyamata a chipani akuwaloza chala kale chifukwa chothandiza Mcheki, ndipo akavalo awo akhoza kulandidwa kutsidya kwa malire atsopanowo.

"Ndiye ndimati, a Brom, tinagwirizana kuti ine nditenga gawo limodzi mwa magawo atatu a nsomba. Koma mmene zinthu zililimu, tingogawana pakati. Ndi pempho langa lomaliza ili, ndikulumbira pa manda a mayi anga. Loweruka m'mamawa ngolo zonse zinayi zili pakhoma la dziwe."

"Bwanji osati mawa?" anafunsa mai Otylie.

"Mawa n'kokonza migolo, mayi. Asilikali akubwera masana, ife tidzakhala titaoloka kalekale."

A Brom anayang'ana m'tambula nthawi yaitali. Anali munthu wabwino, zimenezo palibe angatsutse, koma ubwino wake unali woopa phokoso. Akamva munthu akukweza mawu, ankangovomera. Anatambasula dzanja, nagwirana chanza ndi a Hable.

Mlendo atangotuluka, mai Otylie anakhuthulira kachasu wotsala m'ndowa ya nkhumba.

"Theka ndi labwino kuposa kutuluka chimanjamanja," anatero a Brom motsitsa mawu. "Munthu uyu tinakulira limodzi. Mwana wake atagwera m'madzi oundana ndinamuvuula ndine."

"Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Manda a mayi akewo walumbirirapo kangati chaka chino? Mayi aja atopa n'kutembenuka."

Lachisanu m'mawa mai Otylie anatenga chiwaya chophikira makeke chomwe anabwereka kalekale kwa akazi a Hable, napita kukabweza. Sanalowere khomo lakutsogolo. Anazungulira dala kuseri kwa khola, ndipo zimene anaona zinawadabwitsa. Kadziwe kakale ka a Hable, kamene kwa zaka zambiri kanali kotayamo zinyalala, kanali kokumbidwa bwinobwino, m'mbali mwake matabwa atsopano, madzi oyera akulowa kuchokera kumtsinje. A Hable analibe nsomba ngakhale imodzi. Akavalo onse asanu ndi atatu anali panja, athanzi, wantchito akuwaluka manyenje ndi timaliboni tofiira.

"Mukufuna kuweta abakha, anzanga?" anafunsa mai Otylie popereka chiwaya.

Akazi a Hable anafiira nkhope mpaka m'makutu. "Za abambo izo, ine sindizidziwa." Anatseka chitseko osanena n'zikomo yemwe.

Mai Otylie anathamangira kudziwe. Anapeza amuna awo ataima pakhoma, akuyang'ana madzi amene anatsala pang'ono. Anawafotokozera zonse, mawu akuphonyana.

"Mwina n'kosungira theka lawo lija," anatero a Brom.

"Theka? M'kadziwe kaja mungalowe nsomba zanu zonse ndi inu nomwe! Tsekani chitseko, madzi abwerere. Kapena pitani kumidzi ya kutsidya mukapemphe ngolo, ngakhale ziwiri."

"Ngolo za kutsidya zonse zanyamula anthu othawa. Ndipo ndikapita kwina a Hable amva, akwiya, ndiye titaya zonse. Tisawapute, mayi. Kwatsala tsiku limodzi."

"Zengerezu adalinda kwawukwawu," anatero mai Otylie, misozi ya ukali ili m'maso. Anawasiya pomwepo.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Madzi anali atatsala pakadzenje pokha, ndipo nsomba zinali zitathinana, misana ili pamtunda, pakamwa pali yasayasa kufuna mpweya. Nsomba zikafika pamenepo sizidikira munthu, dzuwa likakwera zimayamba kufa. Asodzi asanu ndi mmodzi anali okonzeka ndi khoka. Pakhoma la dziwe panadzaza anthu osauka a m'mudzi, Acheki amene anali asanathawe ndi Ajeremani omwe, atanyamula madengu ndi matumba. Amabwera chaka chilichonse chokolola, chifukwa mwambo wathu ndi wakuti khoka lomaliza likatuluka, mwini dziwe amavula chipewa n'kufuula kuti "Kwapsa!" Akangotero, chotsala m'matope n'cha aliyense amene wachigwira, ndipo palibe mwini, wapolisi kapena wansembe amene angamulande. Kawirikawiri zimakhala tinsomba towerengeka tothawa khoka.

Dzuwa linatuluka, ngolo osaoneka. Linakwera mpaka nkhungu yonse inatha. A Brom ankangoyenda uku ndi uku, kutulutsa wotchi n'kuibwezera m'thumba. Nsomba zingapo zinali zitatembenuka kale mimba zoyera m'mwamba.

Ngolo zinafika belu la tchalitchi litaimba kakhumi, akavalo ali ndi maliboni awo ngati akupita ku ukwati. A Hable anatsika akupukuta thukuta lomwe panalibe.

"Pepani, aneba, pepani zedi. Koma nkhani yavuta. Msewu wa kusiteshoni wadzaza asilikali anu akubwerera, sitingadutse. Tiyeni tichite chonchi. Nsomba zigone kwanga usiku umodzi, ndili ndi pozisunga. Mawa ndikalankhula ndi akuluakulu atsopano, andipatsa chilolezo, theka lanu ndikutumizirani."

Mai Otylie anayang'ana amuna awo.

"Pozisungapo munakonza liti, a Hable?" anafunsa a Brom.

"Aa, kalekale. Munthu umayenera kukonzekera."

"Msewu wadzaza lero. Inu munakumba sabata yatha."

"A Brom, tisayambe kuwerengerana masiku ngati ana. Nsomba zikufa izi."

Ngakhale pamenepo a Brom anayesabe, chifukwa khalidwe la munthu silitha tsiku limodzi. "Ndipatseni ngolo imodzi yokha. Imodzi. Ndidutsa njira ya m'nkhalango. Zitatu zonse zikhale zanu."

A Hable anakanda chibwano, nayang'ana kumwamba ngati akuwerengera. "Imodzi... ingatheke. Koma kavalo akapita kutsidya sabwerera. Ndiye mundisiyire nyumba ija mwalamulo, tilembe lero pamaso pa mboni. Mukuisiyabe, si choncho? Ndi chomaliza chimenechi."

Asodzi anayang'anana. Wina analavula pansi. A Brom anaima duu, nkhope itachita phulusa, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana mnzawoyo m'maso osaphethira. Manyazi anawagwira, manyazi aakulu, poona kuti mudzi wonse unkadziwa kale chimene iwo okha ankakana kuona. Anatembenuka, nakwera pamwamba pa chitseko cha madzi pamene bambo awo ankaima. Anavula chipewa.

"Kwapsa!"

Anthu sanasunthe. Khoka linali lisanalowe n'komwe m'madzi.

"Mwagontha? Ndati kwapsa! Kwapsaaa!"

Mayi wina wamasiye, Mjeremani, ndiye anayamba. Anakwinya siketi, natsetsereka pakhoma ndi dengu lake. Kenako mudzi wonse unakhamukira m'matope, akulu ndi ana, kukuwa, kuseka, kugwa chagada, nsomba zikuwamenya ndi zipsepse kumaso. Asodzi anataya khoka nalowa nawo. A Hable anathamanga uku ndi uku pakhoma akukalipa m'Chijeremani, kuti nsombazo n'zawo, kuti aliyense amulemba dzina, kuti asilikali akubwera. Palibe anawamva. Oyendetsa ngolo awo omwe anasiya zingwe nadumphira pansi atavula majekete kuti akhale matumba. Pofuna kugwira mmodzi wa iwo, a Hable anaterereka, sokosi zoyera zija n'kulowa m'thope mpaka m'mawondo.

"Wamisala iwe!" anakuwa akuloza a Brom. "Wataya zonse! Ukanapeza theka!"

"Theka la chiyani, a Hable?" anayankha a Brom.

Anatsika pachitseko, nakhala pansi pa udzu. Sanamve kukoma kulikonse. Pafupi nawo panadutsa amuna awiri atanyamulizana chinsomba chachikulu ngati mwana wa ng'ombe, chimodzi mwa zazikazi zoswa zimene bambo awo anasiya, zomwe chaka chilichonse ankazipatula poyamba ndi manja awo n'kuzibwezera m'madzi. Anabisa nkhope m'chipewa.

Mai Otylie anaima pambali pawo kanthawi. Anali atalakalaka chaka chonse kuti mwamuna wawo akane kamodzi kokha, ndipo tsopano wakana, iwo atsala opanda kanthu. Anawerama, namasula zingwe za nsapato zimene iwo eni anavala.

"Mukutani, mayi?"

"Mwati kwapsa. Kapena ine sindine munthu?"

Mkazi wa mwini dziwe, amene chibadwire anali asanapondepo m'thope limenelo, analowa pakati pa opemphetsa, nalimbana nawo zigongono. Anatuluka thope lili mpaka m'tsitsi, m'epuloni muli nsomba zinayi. Anazikulunga m'thumba lonyowa, naziika m'manja mwa amuna awo.

"Gwirani. Ndipo mukangopatsako munthu imodzi panjira, kwa Jarmila mukafika nokha."

Masana asanakwane anali pa njira ya m'nkhalango, akukankha kangolo kamanja kokhala ndi bokosi la mbale, zofunda ziwiri za nthenga ndi thumba lonyowa lija pamwamba. Kumbuyo kwawo mabelu a tchalitchi anayamba kulira kulandira asilikali. A Brom anaima, nafuna kucheuka.

"Kankhani, bambo," anatero mai Otylie, naika dzanja lawo lamatope pamwamba pa dzanja la amuna awo. "Nsomba zingafe tisanafike."