Kabere ka Malata

Dokotala Nereida Zárate anatha zaka makumi awiri akuchiza khansa ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, ndipo loto lawo linali limodzimodzi: chipinda cha odwala chili zii, mabedi opanda anthu, makatani akuuluka ndi kamphepo. Akadzuka, ankapeza pakhomo la chipatala amayi obwera madzi atafika kale m'khosi.

Anafufuza kwa nthawi yaitali chimene amayiwo amachedwera. Mapepala a mafunso sanawathandize. Yankho analipeza m'tchalitchi cha kwawo. Kwathu kuno ku Oaxaca munthu akadwala amagula kachiwalo ka malata, kaya mwendo kaya mtima, n'kukakoleka pa mkanjo wa chifanizo cha Mayi Maria. Timauza Mayi Maria kaye, dokotala amamva zinthu zitavuta. Mayi awo a Nereida anachita zomwezo, anadikira miyezi isanu ndi inayi, ndipo anamwalira.

Lamlungu lina, utsi wa lubani ukuyandama ngati nkhungu, Nereida anaona kabere katsopano kakunyezimira pa mkanjo uja. Kanali komangidwa ndi khoko la chimanga, mfundo yake yopingasa kawiri. Anachita mantha. Mfundo yotere amamanga munthu mmodzi yekha: Otilia, wogulitsa tamale, chakudya chokulunga m'makoko a chimanga, panja pa tchalitchi, amene anaimira mwana wa Nereida pa ubatizo, n'chifukwa chake awiriwa ankaitanana kuti komadre.

"Komadre, chotupacho chayamba liti?" anafunsa Nereida atawapeza.

"Mwayamba kuombeza ula tsopano, adokotala?" anaseka Otilia, kenako anagwetsa nkhope. "N'kakang'ono ngati nyemba. Ndalonjeza kudikira mpaka chikondwerero cha mu Disembala."

A Fulgencio, ogulitsa makandulo ndi timalata tija, analowererapo. "Asiyeni. Kuthamangira mpeni lonjezo lisanakwane n'kukayikira Mayi Maria."

"A Fulgencio, dzino lija litakuvutani munadikira Disembala?"

Bambowo anayamba kusanja makandulo osanjidwa kale.

Nereida anagwira Otilia dzanja. "Komadre, ine m'tchalitchi ndimapemphera chowerama. Lero wandidzutsa mutu kuti ndione kabere kanu ndani? Munapempha thandizo, ndi ili ndaima pano. Nyembayo lero ndikhoza kuichotsa, koma pofika Disembala idzakhala itazika mizu. Mayi anga ndinawaika m'manda. Inu ayi."

Otilia anamasula epuloni.

Atayezedwa, inapezekadi khansa, koma yongoyamba kumene. Opaleshoni inachitika sabata yomweyo. Mankhwala anadzawathothola tsitsi, iwo n'kumati bola latsika lokha, wometa sadyapo kanthu.

Tsiku limene Otilia anatuluka m'chipatala akuyenda ndi miyendo yawo, Nereida anatsalira m'chipinda muja. Zenera linali lotsegula, katani likuuluka pamwamba pa bedi lopanda munthu. Linali bedi limodzi lokha pakati pa odzaza. Koma ulendo uno sanali m'tulo.

Phunziro: Pempherani, koma mukamva kachotupa pitani kuchipatala msanga. Khansa siidikira chikondwerero.